Kulumikiza netiweki ziwiri zotalikirana pa waya wa serial, popanda modemu yoimba foni

M'mafakitale ambiri a mu Blantyre, ku Makata, ku Chirimba ndi ku Limbe, muli vuto lina losaonekera kunja. Ofesi ili kutsogolo chakumsewu, nyumba zosungiramo katundu zili kumbuyo, ndipo sikelo ya malole ili kugeti ina kutali uko. Makompyuta a mu ofesi ali pa netiweki yawo, a kusikelo alinso pa yawo, koma mbali ziwirizi sizilankhulana. Waya wamba wa netiweki, wa Ethernet uja, malire ake ndi mamita 100 basi. Ndiye pakakhala mamita 600 kapena 800 pakati pa ofesi ndi sikelo, abwana amangolamula kuti pagulidwe rauta ya SIM khadi. Kampani imayamba kulipira bandulo mwezi ndi mwezi kuti uthenga uchoke kugeti, ukwere pa nsanja ya kampani ya foni, n'kudzatsikiranso m'bwalo lomwelo. Chonsecho uthengawo ndi wochepa zedi: nambala ya lole, kulemera kwake, nthawi imene yalowa.

Ilipo njira ina, yakale ndithu, imene ndimaona kuti tinaitaya msanga. Netiweki ziwirizo zikhoza kulumikizidwa kudzera pa poti ya serial, pa waya wanuwanu, osaimbira foni kulikonse. Sikuti imathandiza paliponse, ndipo pamene imalephera ndipanena poyera. Koma pa ntchito yonga ya sikelo ija, kapena ya mita ya pa thanki ya madzi, kapena ya jenereta imene mukufuna kumaiona muli mu ofesi, njirayi imakwanira, ndipo mukaiyala bwino simudzalipiranso munthu pa mwezi.

Poti ya serial ndi ija ya mapini 9, asanu mzere umodzi anayi mzere wina, imene inkapezeka kuseri kwa kompyuta iliyonse ya pa desiki. Malamulo a kagwiridwe kake ntchito, otchedwa RS-232, anakhazikitsidwa ndi bungwe la Electronic Industries Association ku America mu 1960, ndipo mpaka lero masikelo, makina a m'mafakitale, ma UPS ndi marauta akuluakulu amabwerabe nayo. Pa poti imeneyi uthenga umayenda biti imodziimodzi (biti ndi kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga, 0 kapena 1) pa waya mmodzi, ngati anthu owoloka mtsinje wa Mudi pa ulalo wa mtengo umodzi: palibe kupitirirana, aliyense amatsata wa patsogolo pake. Waya wachiwiri amanyamula uthenga wobwerera, wachitatu ndi wa ground, amene mbali zonse ziwiri zimayezerapo mphamvu ya magetsi. Otsalawo ndi othandizira chabe.

Amene anagwiritsako ntchito intaneti mu Blantyre chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, MalawiNet itangoyamba kumene mu 1997, akukumbukira kulira kwa modemu ikamaimba. Phokoso lija linachititsa ambiri kuganiza kuti modemuyo ndiyo inali intaneti. Ayi ndithu. Ntchito zake zinali ziwiri: kuimba nambala, ndi kusandutsa mabiti kukhala kaphokoso koti kadutse pa waya wa telefoni, amene anapangidwira mawu a munthu. Kompyuta ikamaliza kuuza modemu nambala yoti iimbe, za telefoni sinkazidziwanso. Inkangokankhira mabiti ku poti ya serial n'kumalandira ena. Choncho ngati waya wa pakati ndi wanu, wolumikizidwa usana ndi usiku, palibe nambala yoimba ndipo palibe chosandutsa phokoso. Modemu ingochoka, zina zonse zikhala momwemo.

Kuyesa koyamba kuchitikire pa tebulo, makompyuta awiri ali moyandikana. Apa pamafunika chingwe chotchedwa null modem. Chifukwa chake n'chakuti amene analemba RS-232 ankaganiza kuti kompyuta izidzalumikizidwa ku modemu nthawi zonse, ndiye anaika mapini a zida ziwirizi moti azikumana ndi chingwe chowongoka. Kompyuta imatumizira pa pini 3, imalandirira pa pini 2. Mukalumikiza makompyuta awiri ndi chingwe chowongoka, pini yotumizira ikumana ndi yotumizira inzake, ndipo palibe adzamve kanthu. Chingwe cha null modem chimapingasa: pini 3 ya uku ipite ku pini 2 ya uko, pini 2 ya uku ku pini 3 ya uko, pini 5 ya ground ikumane ndi pini 5 inzake. Atatu amenewa akwana kuti uthenga uyende. Mukafuna kuti mbali imodzi izitha kuuza inzake kuti "dikira pang'ono, ndadzaza", mupingasenso pini 7 ndi pini 8.

Chingwechi chikasowa m'mashopu, chipangeni. Mapulagi awiri achikazi a mapini 9, kachidutswa ka waya wa netiweki ndi chowotcherera, yatha. Manambala a mapini amalembedwa ting'onoting'ono pa pulasitiki ya pulagiyo, mpaka muyandikize kuwindo kuti muwaone, ndipo kumbali yowotcherera amawerengeka mozondoka poyerekeza ndi kumaso. Apa m'pamene amisiri ambiri amasemphanitsa 2 ndi 4. Musanaimbe mlandu chingwe, yesani poti yokha. Tengani kawaya kakang'ono mugunditse pini 2 ndi pini 3 pa poti imodzimodziyo, mutsegule pulogalamu ya minicom kapena PuTTY, mulembe chilembo chilichonse. Chikaonekera pa sikirini ndiye kuti chatuluka pa 3 n'kubwerera pa 2, poti ili moyo. Mukachotsa kawayako zilembo zileke kuoneka. Makompyuta a masiku ano ambiri alibe poti imeneyi, koma kachingwe ka USB kosandutsa kukhala serial kamagwira ntchito yomweyo, ndipo pa Linux kamaoneka ndi dzina loti /dev/ttyUSB0.

Tsopano liwiro, chifukwa apa m'pofunika kuti munthu asadzinamize. Mwa chizolowezi bayiti iliyonse imatenga mabiti 10 pa waya: 8 a uthenga, imodzi yoyambira ndi imodzi yotsekera. Pa liwiro la mabiti 115200 pa sekondi, lomwe ndi lapamwamba pa mapoti ambiri wamba, mumadutsa mabayiti 11,520 pa sekondi. Failo ya megabayiti imodzi itenga pafupifupi mphindi imodzi ndi theka. Pa 9600 mumadutsa mabayiti 960 okha pa sekondi, ndipo failo yomweyo idya mphindi 18. Wofuna kuonera kanema kapena kutsegula Facebook asayambe n'komwe. Koma mbiri ya lole imodzi pa sikelo siposa mabayiti mazana angapo, ndipo imafika mu ofesi dalaivala asanatsike n'komwe m'galimoto.

Vuto lenileni la RS-232 ndi mtunda. Malamulo ake amanena za mamita pafupifupi 15. Mukatsitsa liwiro mutha kupitirirako, koma si zodalirika. Chifukwa chake chili pa kayezedwe: wolandira amayerekeza mphamvu ya pa waya wa uthenga ndi ya pa ground, ndipo amayembekeza mavoti apakati pa 3 ndi 15, kaya kumtunda kapena kumunsi kwa ziro. Waya akatalika, makamaka akadutsa pafupi ndi mota yaikulu kapena makina owotcherera zitsulo, amatola magetsi osochera ndipo wolandira amawerenga zolakwika.

Pofuna kufika patali pali abale ake awiri, RS-422 ndi RS-485. Iwowa amatumiza biti iliyonse pa mawaya awiri opotana, ndipo wolandira amangoyang'ana kusiyana kwa pakati pa awiriwo. Magetsi osochera akalowa amalowa pa onse awiri mofanana, kusiyanako n'kutsala momwe kunalili. Ndi nzeru yaing'ono imeneyi mtunda umachoka pa mamita 15 kufika pa mamita pafupifupi 1,200, pa liwiro losapitirira mabiti 100,000 pa sekondi. Mumagula tibokosi tiwiri tosandutsa RS-232 kukhala RS-422, kamodzi ku ofesi kena kusikelo, pakati n'kuyala waya wa Cat5e wa panja. Mapeya awiri anyamule uthenga, lina lopita lina lobwera, ndipo peya lachitatu likhale la ground. Chenjerani pogula: tibokosi tambiri totchipa ta RS-485 timagwiritsa ntchito mawaya awiri okha, kutanthauza kuti mbali ziwiri zimalankhula mosinthana. Zimenezo n'zabwino pa mamita oyezera magetsi kapena madzi ndi makina olankhula Modbus, chilankhulo cha zida za m'mafakitale, koma pa ntchito yolumikiza netiweki mbali zonse zimafuna kulankhula nthawi imodzi. Funsani ka mawaya anayi. Waya akayandikira mamita 1,000, tsitsani liwiro lifike pa 57600, musakakamire 115200.

Kupitirira pamenepo njira zilipobe. Pali zida zotchedwa line driver zimene zimakankha serial makilomita angapo pa waya wa kopa wa inu eni. Pali mawailesi a serial, amene amatenga mabiti pa poti n'kuwaulutsa kupita kwa anzawo. Mu mzinda wa mapiri ngati uno, wa Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, funso loyamba pa wailesi ndi lakuti kodi milongoti iwiriyo ikuonana, ndipo lachiwiri ndi la chilolezo, pakuti mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'aniridwa ndi MACRA. Palinso njira imene mabanki ndi makampani akuluakulu ankadalira fibre isanafale: kubwereka mzere wokhazikika, leased line, ku MTL. Mzere wotere sunkaimbidwa, unkangokhala wotsegula pakati pa nthambi ziwiri, mwachitsanzo ya ku Blantyre ndi ya ku Limbe. Kumapeto kwake kunkakhala kabokosi ka kampani ya telefoni kolowa mu rauta kudzera pa poti ya serial ya mtundu wa V.35 kapena X.21. Liwiro linkayambira pa 64 kbps, n'kumakwera mpaka pa E1, imene ndi 2.048 Mbps, kapena kuti tinjira 32 ta 64 kbps tomangidwa pamodzi. Amene anaphunzira za Cisco akudziwa kuti marauta awo pa poti ya serial amayamba ndi HDLC ya kampaniyo, njira yawoyawo yokutira uthenga pa waya, ndipo mbali inayo ikakhala ya kampani ina muyenera kusinthira ku PPP kuti zimvane.

PPP imeneyi, Point-to-Point Protocol, njira yoyendetsera netiweki pa waya wa serial, ndiyo mwini nkhani. Waya wa serial amangodziwa mabayiti otsatizana, pamene netiweki imayendera mapaketi, ndipo paketi iliyonse iyenera kudziwika poyambira ndi pothera. Njira yoyamba kutchuka inali SLIP, imene Rick Adams anailemba pa Berkeley Unix mu 1984, ndipo inalembedwa mwadongosolo mu 1988 mu chikalata cha RFC 1055. SLIP imangoika bayiti yapadera, nambala 192, kumapeto kwa paketi. Siiona ngati paketi yawonongeka panjira, siiuza mbali inayo adiresi, siifunsa kuti walumikizayo ndani. PPP inabwera kudzatseka mipata imeneyi, ndipo chikalata chake chimene tikutsatabe, RFC 1661, ndi cha 1994. Imakuta paketi iliyonse ndi chizindikiro kuyamba ndi kumapeto, imawonjezera nambala yotsimikizira kuti palibe biti yasintha panjira, ndipo paketi yowonongeka imatayidwa kuti itumizidwenso ndi mapulogalamu a pamwamba. Mbali ziwiri zisanayambe ntchito zimakambirana kaye kukula kwa paketi ndi maadiresi. Pa waya wodutsa m'bwalo la fakitale, pakati pa mamota ndi makompresa, SLIP sindingakulangizeni.

Tiyerekeze kuti netiweki ya ku ofesi ndi 192.168.1.0 ndipo ya kusikelo ndi 192.168.2.0. Mbali iliyonse pakhale kompyuta imodzi ya Linux yogwira ntchito ya pakhomo. Ikhoza kukhala yakale yomwe inaikidwa pakona, kapena Raspberry Pi. Pa ya ku ofesi mudzutse pppd, pulogalamu yoyendetsa PPP pa Linux, polemba:

pppd /dev/ttyS0 57600 10.0.0.1:10.0.0.2 local noauth nocrtscts persist maxfail 0

Pa ya kusikelo mulembe chimodzimodzi, kungotembenuza maadiresi awiriwo kuti ayambe 10.0.0.2. Dzina loti /dev/ttyS0 ndi la poti ya serial pa Linux. Liwu loti local likuuza pulogalamuyo kuti isadikire chizindikiro cha modemu, poti modemu palibe. Loti nocrtscts lilipo chifukwa tibokosi tambiri ta RS-422 timadutsitsa mawaya a uthenga okha, ndiye pulogalamu ikamadikira chilolezo cha pa pini 8 idikira mpaka kalekale. Loti persist pamodzi ndi maxfail 0 likuiuza kuti mzere ukaduka iziyesabe osatopa. Zikatheka, pa makompyuta onse awiri paoneka khomo latsopano lotchedwa ppp0, ndipo ku ofesi lamulo loyesera mzere loti ping 10.0.0.2 lipeza yankho.

Apa m'pamene anthu ambiri amasangalala msanga. Makompyuta awiri a pakhomo akuonana, inde, koma netiweki ziwirizo sizinaonane. Choyamba, Linux mwachibadwa siidutsitsa paketi ya wina kuchoka khomo lina kupita khomo lina mpaka mutailoleza, poika net.ipv4.ip_forward pa 1. Chachiwiri, kompyuta ya pakhomo ya ku ofesi iyenera kuuzidwa kumene kuli netiweki ya kusikelo:

ip route add 192.168.2.0/24 via 10.0.0.2

Ya kusikelo nayonso iuzidwe njira yobwerera ku 192.168.1.0/24 kudzera pa 10.0.0.1. Mizere imeneyi muiike mu failo ya /etc/ppp/ip-up kapena mu foda ya ip-up.d, kuti izibwerera yokha nthawi iliyonse mzere ukadzuka. Chachitatu ndi chimene chimadyetsa anthu tsiku lathunthu. Kompyuta ya akalaliki mu ofesi siidziwa kuti kuli 192.168.2.0. Paketi iliyonse ya adiresi yachilendo imaipereka kwa rauta yaikulu ya intaneti, ndipo rautayo imaiponya kunja kumene imakatayika. Choncho pa rauta yaikuluyo muikepo static route yonena kuti za 192.168.2.0 zizipita kwa kompyuta ya pakhomo ija. Mukaona paketi ikupita koma yankho osabwera, musathamangire kukafukula waya. Kawirikawiri njira yobwerera ndiyo yaiwalika.

Kuwonjezera apo, marauta ambiri amachoka kusitolo ali ndi adiresi imodzimodzi, 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Ngati mbali zonse ziwiri zinasiyidwa choncho, kompyuta iliyonse idzaganiza kuti mnzake wa kutaliyo ali pompano, ndipo paketi siidzakwera n'komwe pa waya wa serial. Mbali imodzi isinthe manambala ntchito isanayambe.

Zonsezi n'zokonzeka munthu atakhala pampando. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi ndi mphenzi, chifukwa kuno mvula ikayamba mu Novembala ziphaliwali sizisowa mpaka cha mu Epulo. Nyumba ziwiri zotalikirana, iliyonse ndi chitsulo chake cha earth chokhomedwa m'nthaka, sizikhala pa mulingo umodzi wa magetsi. Masiku wamba kusiyanako kumakhala kochepa. Koma mphenzi ikagwa chapafupi, ngakhale isanakhudze nyumba iliyonse, nthaka ya mbali imodzi imakwera mphamvu kwakanthawi kuposa ya mbali inayo, ndipo waya wanu wa kopa ndiye amakhala njira yachidule pakati pa ziwirizo. Mukatsegula kabokosi koteroko m'mawa mwake mumapeza kachipi kakang'ono ka pafupi ndi poti katatupa kapena kuboola pamwamba, fungo la pulasitiki yopsa likadalimo, zina zonse zikuoneka zabwinobwino. Nthawi zina moto umapitirira mpaka pa bodi ya kompyuta.

N'chifukwa chake pogula tibokosi ta RS-422 musayang'ane mtengo wokha. Funsani tolembedwa kuti isolated, timene mkati mwake uthenga umadumpha kudzera m'kuwala kapena mu kathiransifoma, popanda chitsulo cholumikiza waya wa panja ndi kompyuta. Ikaninso zoteteza ku mphenzi mbali zonse ziwiri, pamalo pamene waya akulowera m'nyumba, zolumikizidwa ku earth ndi waya wamfupi wonenepa. Waya wa panjayo adutse pansi, mu paipi, m'ngalande yakuya bwino. Womangirira pa mapolo kapena pa mpanda amaitana mphenzi, amaitananso akuba kopa, amene mu mzinda uno sachedwa kuona waya wolendewera. Musamuyendetse mu paipi imodzi ndi waya wa magetsi. Ndipo ngati bajeti ilola, tibokosi tosandutsa serial kukhala fibre timathetsa nkhani yonseyi, pakuti galasi silinyamula magetsi. Koma ndinene chilungamo: mukafika poyala fibre, yalani ya Ethernet, mupeze liwiro lenileni. Serial ya pa kopa ili ndi malo pamene waya alipo kale m'nthaka, monga mapeya akale a mafoni a mkati mwa kampani, kapena pamene ndalama ya fibre ndi amisiri ake palibe.

Mzere ukayamba kuyenda, muuteteze ku zinthu zoudzaza. Kompyuta imodzi ya Windows kusikelo ikangopeza njira yopita pa intaneti kudzera pa waya ameneyu, iyamba kukoka ma update, ndipo uthenga wa malole uima pamzere kwa maola. Musaipatse njira yotulukira kunja, kapena muike firewall pa kompyuta ya pakhomo yolola zokhazo zimene mzerewu unayalidwira. Pa liwiro lotsika kwambiri chepetsaninso kukula kwa paketi. Paketi ya mabayiti 1,500 pa 9600 imatenga sekondi imodzi ndi theka, ndipo munthu wolemba malamulo pa SSH, pulogalamu yolamulira kompyuta ina uli kutali, amaona zilembo zikuchedwa moipitsa mtima. Kuwonjezera mawu oti mtu 296 ndi mru 296 pa lamulo la pppd lija, amene amaika malire a kukula kwa paketi, kumathandiza: mabayiti 256 a uthenga ndi 40 a mutu wa paketi. Mitu imeneyi PPP imathanso kuifinya kufika pa mabayiti ochepa chabe, mwa njira imene Van Jacobson anafotokoza mu 1990.

Liwu lija loti noauth likutanthauza kuti aliyense wolumikiza kumapeto kwa waya walowa pa netiweki yanu osafunsidwa. Pa tebulo loyesera palibe vuto. Koma kanyumba ka sikelo kamakhala kopanda munthu usiku, ndiye chotsani liwulo muike CHAP, imene imafunsa mawu achinsinsi popanda kuwadutsitsa poyera pa waya. Dziwaninso kuti PPP payokha siibisa uthenga. Ngati zodutsapo zikukhudza ndalama kapena kulemera kwa katundu wogulitsa, zidutse mkati mwa SSH kapena VPN, njira zimene zimabisa uthenga, ngakhale kuti zimenezo zidya kagawo ka liwiro lochepa kale.

Amene mwasankha Raspberry Pi, mapini ake a serial amayendera mavoti 3.3, ndipo mukawalumikiza mwachindunji ku RS-232 mupsereza bodi. Pakati pakhale kachipi ka MAX3232, kapena mungogwiritsa ntchito kachingwe ka USB. Muzimitsenso console, khomo lolemberapo malamulo, imene Linux imatsegula pa poti yomweyo, apo ayi iyo ndi pppd zizilimbirana waya mmodzi. Pomaliza, pppd iikidwe kuti izidzuka yokha kompyuta ikayaka, ndipo musanachoke pamalopo yesani zimene zidzachitike ndithu tsiku lina: thimitsani magetsi mbali ya sikelo yokha, muyatsenso, muone ngati mzere wabwerera popanda munthu kukhudza kiyibodi. Kenako muchite chimodzimodzi ku ofesi, kenakonso mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.